Galu akazunzidwa tonse tikuwa, nanga mwana akaotchedwa manja bwanji tili chete?

MayiWaPaChitakale:
Anzanga a pa gulu lino, ndili ndi dandaulo. Kanema wa galu womangiriridwa chingwe kumbuyo kwa njinga yamoto wazungulira mafoni onse kuyambira ku Bvumbwe mpaka ku Muloza, ndipo aliyense akuti mwini njingayo amangidwe lero lomwe. Sindikutsutsa, ndi nkhanza zenizeni. Koma m'midzi yathu yomweyi mwana amaviikidwa manja m'madzi owira chifukwa watapa ndiwo mumphika. Mtsikana wa sitandade 6 amapatsidwa mimba ndi munthu wa pakhomo pomwepo, nkhani n'kuthera pa bwalo la amfumu ndi mbuzi imodzi. Zikatero gulu lino limangoti zii. Kodi zinayamba liti zoti galu azitiliza kuposa mwana?

Kabaza_Muloza:
Mwalasa mayi. Galu ali ndi omulankhulira mpaka kunja kwa dziko. Mwana wa kwa Njema amulankhulire ndani?

Sapitwa3002:
Ndiye mukufuna titani, tiziomba m'manja galu akamakwekwerezedwa pa tala? Chisoni si ufa woti ukatapirako galu ndiye kuti mwana agona ndi njala.

MayiWaPaChitakale:
Achimwene, sindinati tiombe m'manja. Ndafunsa kuti pakamwa pathu pamatsekeka bwanji ikakhala nkhani ya mwana.

KalalikiWakale:
Amayi, anthu sanasiye kukonda ana. Chimene chikusiyanitsa ndi malo ochitikira nkhanzazo, ndiponso zimene wolankhula amataya akalankhula. Galu amazunzidwa pamsewu, masanasana, aliyense foni ili m'manja. Womuzunzayo simumudziwa, ndiye kumutukwana pa Facebook sikukutayitsani kanthu. Mwana amazunzidwa m'nyumba chitseko chili chotseka, ndipo wochita zimenezo nthawi zambiri ndi bambo womupeza, malume, woyandikana naye nyumba, kapena yemwe amagula ufa pakhomopo. Mukamuneneza, mawa mukumana ndi abale ake pa mjigo, pa maliro, ku tchalitchi. Mayi wa mwanayo amayamba wawerengera kuti bamboyu akamangidwa malipiro a ku esiteti atha, nanga ana enawo adya chiyani.

Musaiwalenso kuti kanema wa mwana wogwiriridwa sayenera kuzungulira n'komwe. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 silola kuulutsa dzina kapena chithunzi cha mwana amene nkhani yake ili kukhoti. Choncho mukamayeza mkwiyo wa anthu potengera makanema, galu azipambana chaka ndi chaka. Koma kukula kwa vutoli n'kodziwika. Kafukufuku wa nkhanza kwa ana amene anachitika m'dziko muno mu 2013 anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu alionse, ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri, anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwanitse zaka 18. Pa kumenyedwa, anyamata anali pafupifupi awiri mwa atatu alionse.

Kabaza_Muloza:
Madala, ine ndikukana. Pitani kukhoti mukaone nokha. Wopezeka ndi ngaka amalowa zaka zambirimbiri, koma wogwirira mwana mumamuona akugula tomato pa msika. Boma lenilenilo linaika nyama patsogolo.

KalalikiWakale:
Pa pepala sizili choncho, achimwene. Lamulo la nyama zakutchire litakonzedwanso mu 2017, chilango chachikulu pa nyama zotetezedwa kwambiri monga ngaka, njovu ndi chipembere chinafika zaka 30. Koma gawo 138 la Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake, lokhudza kugona ndi mwana, chilango chake chachikulu ndi kukhala kundende moyo wonse. Ndiye lamulo linaika mwana pamwamba. Kusiyana kumabwera pa umboni. Ngaka ili m'thumba, munthu wagwidwa nayo, mboni ndi apolisi ndi a dipatimenti ya nyama zakutchire, anthu oti sasintha mawu chifukwa apongozi awachonderera. Komanso pali mabungwe ngati Lilongwe Wildlife Trust omwe amatsatira milandu ya nyama m'makhoti kuyambira tsiku loyamba mpaka chigamulo. Mlandu wa mwana umadalira mwanayo kuti alankhule, mayi ake kuti asabwerere m'mbuyo, lipoti la kuchipatala, ndi umboni wa zaka zake. Chimodzi chikasowa, woweruza sangachitire mwina.

Chinanso chimene anthu sadziwa: majisitireti ali ndi malire. Wa giredi yoyamba sangapyole zaka 14, ndipo wa pamwamba pake, Resident Magistrate, sangapyole zaka 21. Kuti munthu alandire zoposa pamenepo, nkhaniyo iyenera kufika ku High Court.

NesiWaUsiku:
Pa lipoti la kuchipatala pamenepo ndi pomwe milandu yambiri imafera, ndipo imafera kunyumba tsiku loyamba lenileni. Mwana akaulula, kapena akaoneka kuti akuyenda movutikira, makolo amathamangira kumusambitsa ndi kuchapa zovala zake. Umboni wapita ndi madziwo. Musamusambitse. Zovala zimene anavala zikulungeni m'nyuzipepala kapena mu envulopu, osati mu jumbo, chifukwa pulasitiki amasunga chinyontho ndipo zovalazo zimachita nkhungu. Kenako kuchipatala tsiku lomwelo.

Mankhwala oteteza ku HIV, aja timati PEP, ayenera kuyambidwa asanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Akayambidwa msanga ndi pomwe amagwira bwino. Tsiku lachinayi mwachedwa. Ngati mtsikanayo anatha msinkhu, mapiritsi a pangozi oteteza mimba nawonso amagwira bwino m'maola 72 omwewo. Palinso mankhwala a matenda ena opatsirana pogonana. Musataye tsiku kudikira kalata ya kupolisi, kapena kudikira malume ake ayankhe foni ali ku Joni. Chithandizo chiyambe, kalata itsatira.

Musamufunsenso mwana kambirimbiri, agogo afunse, azakhali afunse, amfumu afunse. Pofika kukhoti mawu ake amakhala atasokonekera ndipo mbali inayo imagwira pomwepo. Mufunseni kamodzi, mofatsa, osamuuzira zonena. Lembani zimene wanena m'mawu ake omwe, ndi tsiku lake. Popita tengani buku lake la kusikelo kapena chiphaso chobadwira.

Mwinimbumba:
Achemwali, zimenezo n'zophweka kwa inu a pa boma. Munthu ali ku Thekerani kapena kwa Nsabwe, nthawi ya mvula, afike bwanji ku Thyolo tsiku lomwelo? Komanso kwathu kuno mbumba ili ndi mwini wake. Nkhani ya m'banja imayamba ndi malume ndi ankhoswe, ikakanika ipite kwa amfumu. Kuthamangira kupolisi n'kupasula mudzi.

WaChitetezoChaAna:
Amalume, ulemu wanu tikuudziwa, ndipo pa nkhani za malire a munda, ukwati wogwedezeka kapena ana akamenyana, bwalo lanu ndi loyenera. Koma kugwirira mwana, kumuotcha kapena kumuthyola mkono si mlandu wa banja. Ndi mlandu wa boma, ndipo amfumu alibe mphamvu youweruza kapena kulandirapo chindapusa. Ngakhale mayi wa mwanayo sangauthetse pongonena kuti takhululuka. Chimene chimachitika ikaweruzidwa kumudzi n'chodziwika: mbuzi yadyedwa, wolakwayo akugonabe m'nyumba yomweyo, ndipo mng'ono wake wa mwana uja ndiye wotsatira.

Lamulo la 2010 lija linakupatsani ntchito inuyo. Limalamula achibale, olera ana, achipatala ndi anthu a m'mudzi kuti akadziwa kuti mwana akuzunzidwa akanene kupolisi kapena kwa a zachisamaliro cha anthu. Limalolanso wapolisi, wa zachisamaliro, mfumu, ngakhale munthu wamba, kuchotsa mwana pamalo oopsa ndi kumuika pabwino, bola nkhaniyo ifike ku khoti la ana asanathe maola 48. Choncho mwini mbumba weniweni amanyamula mwanayo usiku womwewo kukamugoneka kwa azakhali ake, m'mawa n'kuyamba naye ulendo.

Za mtunda: simuyenera kufika pa boma kuti muyambe. PEP imapezeka m'zipatala zing'onozing'ono zambiri zomwe zimapereka ma ARV. Imbani 116, nambala ya Tithandizane yomwe amayendetsa a YONECO. Ndi yaulere, ndipo angakulumikizeni ndi anthu a m'dera lanu. Pa polisi funsani Victim Support Unit, musafotokozere nkhani ya mwana pa kauntala pomwe pali anthu a milandu ya mbava. M'madera a mafumu akuluakulu mulinso ogwira ntchito yoteteza ana omwe ali pansi pa ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya pa boma. Nkhani ikakhala yaikulu, ku Queens ku Blantyre kuli Chikwanekwane, komwe dokotala, wapolisi, wa zachisamaliro ndi wauphungu amapezeka malo amodzi.

Mwinimbumba:
Nanga bamboyo akamangidwa, ana asanuwo muwadyetsa ndinu?

WaChitetezoChaAna:
Funso limenelo ndi loona ndipo palibe amene ali ndi yankho lokwanira. Ofesi ya zachisamaliro ikhoza kulemba banjalo ndi kulilumikiza ndi thandizo lomwe lilipo, koma Mtukula Pakhomo sangolowa aliyense mwezi womwewo. Apa ndi pomwe mbumba iyenera kuoneka: mindayo kwathu kuno ndi ya kuchikazi, mkamwini akachoka munda sunyamuka naye. Alongo ake a mayiyo athandize kulima.

MlangiziWaZiweto:
Ndilowererepo kumbali ya agalu, chifukwa mukuwaika ngati opikisana ndi ana pomwe nkhani yawo ndi imodzi. Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka padziko lonse, pafupifupi onse chifukwa cholumidwa ndi galu, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Chifukwa chake n'chosavuta. Mwana ndi wamfupi, galu amamuluma kumaso, m'khosi kapena m'manja, ndipo kachilombo kakalowera pafupi ndi mutu kamafika ku ubongo msanga. Komanso mwana akakandidwa ndi kagalu amabisa poopa kukalipiridwa. Galu wosasamalidwa, wosabayidwa katemera, wongoyendayenda kufuna chakudya pa dzala la msika, ndi amene amabweretsa imfa imeneyi pakhomo.

Mwana akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 zathunthu, moyang'ana wotchi. Anthu amangotsira madzi kamodzi n'kumanga nsanza. Musathirepo mchere, tsabola, mafuta a galimoto kapena phulusa la ubweya wa galuyo. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Katemera wake amabayidwa tsiku loyamba, kenako pakatha masiku 3, kenako pa tsiku la 7, ndipo kutengera njira imene achipatala akugwiritsa ntchito pamakhala jakisoni wina pambuyo pake. Vuto lalikulu n'lakuti bala likauma makolo amasiya kubwerera. Chiwewe chimabisala m'thupi miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina kuposerapo, ndipo zizindikiro zikangoyamba, kuopa madzi, kutuluka dovu, kubwebweta, palibe mankhwala. Kawirikawiri achipatala amafunanso kalata ya ku ofesi ya zaziweto, ndiye dziwani mwini galuyo ndipo funsani ngati ali ndi chiphaso cha katemera.

Galu woluma musamuphe ngati angathe kumangidwa bwinobwino. Mutsekereni masiku 10, muzimupatsa chakudya ndi madzi. Akakhalabe wathanzi masiku 10 atatha, ndiye kuti sanali kufalitsa chiwewe pa tsiku lomwe analuma. Koma katemera wa mwana asadikire masiku 10 amenewo.

AchimweneATiyi:
Zonsezi n'zotalika. Tameki pang'ono mu usipa, agalu oyendayenda onse atha sabata imodzi, ana atetezeka. Basi.

MlangiziWaZiweto:
Ayi bwana, njira imeneyo inayesedwa m'maiko ambiri ndipo chiwewe sichinathe. Nyambo ya poizoni sisankha. Amayamba kudya ndi agalu ozolowera anthu, omwe ambiri ndi obayidwa kale. Akafa, eni ake amakatenga tiana tosabayidwa kumudzi wina, ndipo galu wamkazi amatenga bere masiku pafupifupi 63, kawiri pa chaka, ndiye malo aja amadzaza msanga ndi agalu opanda chitetezo. Chimene chimadula chiwewe ndi kubaya agalu 70 mwa 100 alionse m'dera, chaka chilichonse. Ndi zimene a bungwe la Mission Rabies anayamba kuchita mu mzinda wa Blantyre mu 2015, kuika malo obayira m'masukulu kenako n'kuyenda khomo ndi khomo. Mukamva kuti a zaziweto akubaya, makamaka chakumapeto kwa Seputembala popeza pa 28 ndi tsiku lokumbukira chiwewe, tengani agalu onse, ngakhale tiana ndi amphaka omwe. Amuna afulidwe, aakazi atsekedwe kumene kuli dokotala wa ziweto.

NesiWaUsiku:
Ndipo tameki ameneyo amathera mwa ana. Mwana wokwawa amatola chilichonse, nkhuku zimajompha nyamboyo, wina n'kudya nkhuku yofa yokha. Zizindikiro zake ndi dovu lambiri, thukuta, kusanza, kutsekula m'mimba, kamwana ka m'diso kuchepa kwambiri, ndi kupuma mobanika. Musamumwetse mkaka kapena mafuta ophikira, musamusanzitse. Mugonekeni cham'mbali, muvuleni zovala ngati zakhudzidwa, thamangani naye kuchipatala mutatenga kapepala ka mankhwalawo. Kuchipatala kuli jakisoni wa atropine amene amathandiza ngati mwafika msanga.

AchimweneATiyi:
Chabwino, koma agalu a pa msika alibe mwini. Awagwira ndani kuti abayidwe?

MlangiziWaZiweto:
Ambiri ali ndi eni, amangosiyidwa kuti adzifunire okha chakudya. Madzulo aliyense amabwerera kwawo. Ochepa osagwirikawo amagwidwa ndi ukonde ndi anthu ophunzitsidwa.

Sapitwa3002:
Mkangano wathuwu si wa lero. Ku England bungwe loteteza nyama, lomwe pano limatchedwa RSPCA, linayamba mu 1824, pomwe loteteza ana ku London linadzayamba mu 1884. Zaka 60 pakati. Ku New York, mu 1874, mwana wina dzina lake Mary Ellen Wilson ankamenyedwa ndi kutsekeredwa ndi amene ankamulera. Mayi amene anafuna kumupulumutsa atazungulira osapeza thandizo, anapita kwa Henry Bergh, amene anayambitsa bungwe loteteza nyama la ASPCA mu 1866. Loya wa bungwelo ndi amene anatengera nkhaniyo kukhoti, mwanayo anachotsedwa pakhomopo, ndipo anthu omwewo anayambitsa bungwe loteteza ana la mumzindawo. Ndiye a Kabaza, olankhulira agalu aja si adani anu.

Kabaza_Muloza:
Mwangotsimikiza zanga zomwe. Ngakhale kwa azungu nyama inayamba, mwana anabwera pambuyo.

Sapitwa3002:
Inayamba chifukwa chomwe a Kalaliki anena. Hatchi inkamenyedwa pamsewu, mwana ankamenyedwa m'nyumba momwe anthu ankati boma lisalowemo. N'chimodzimodzi ndi mawu a amalume athu a ku Thekerani.

Mphunzitsi_Std5:
Ndionjezere za kusukulu. Mwana amene amakonda kuzunza tinyama mobwerezabwereza, kuthyola miyendo ya anapiye, kutentha mphaka, kupachika kagalu, musangomukwapula n'kusiya. Si onse, koma ena mwa ana otere akubwereza zimene akuona kapena zimene akuchitidwa kunyumba. Izi n'zosiyana ndi kusaka mbewa kapena kulasa mbalame ndi legeni, zomwe ndi zofuna ndiwo. Komanso pakhomo pomwe bambo amamenya galu mpaka kumuthyola msana akakwiya, funsani mmene mayi ndi ana akukhalira.

Zina zoti mphunzitsi aziyang'ana: mwana amene anali wochangamuka kungoyamba kukhala duu, kujomba masiku otsatizana, kukana kuweruka, kuvala juzi dzuwa likuswa mtengo kuti abise zipsera, kukodza m'kalasi pomwe anali atasiya, kapena kudziwa zogonana zopyola msinkhu wake. Mphunzitsi asaitane kholo lomwe akulikayikira kuti adzafunsane pamaso pa mwana. Auze ahedi, alembe, adziwitse a gulu la amayi a pa sukulu ndi woteteza ana wa m'deralo.

MaliondaWaMbuzi:
Popeza mwatchula ziweto, nanga ife onyamula mbuzi pa njinga kupita ku Luchenza kapena ku Nkando tsiku la msika, nafenso mutijambula? Tiziyenda nazo bwanji, pa ndege?

MlangiziWaZiweto:
Akulu, pa njinga pomwepo, koma mosamala, ndipo phindu ndi lanu lomwe. Mbuzi ikagonekedwa cham'mbali nthawi yaitali, miyendo yonse inayi itamangidwa pamodzi ndi mphira, mpweya sutuluka m'chifu, mimba imafufuma ndipo ikhoza kufera panjira. Ikani mtanga kapena bokosi la matabwa pa kaliyala, yalani udzu, mbuzi igone chofungatira pa chifuwa, mutu uli mmwamba osalendewera ku sipoko. Mangani ndi nsalu kapena chingwe chofewa chifukwa mphira imadula magazi, mwendo umatupa ndipo nyama yake imada. Nyamukani m'bandakucha, muziima pa mthunzi. Musaidyetse gaga wambiri musananyamuke. Nkhumba ndiye siipirira kutentha, ithireni madzi, ndipo kukalengezedwa chigodola musaiyendetse n'komwe. Nkhuku zikhale m'dengu, osati kuzilendeweretsa mitu pansi pa handulo. Dziko lino lili ndi lamulo la Protection of Animals Act, lakale ndithu, lomwe limaletsa kumenya, kuzunza ndi kunyamula nyama moipweteka, ndiye wa njinga yamoto uja akhoza kuyankha mlandu. Amene ali ndi kanemayo apite nayo kupolisi, anene malo, tsiku ndi nambala ya njinga. Kungoitumiza m'magulu sikutsegula mlandu.

MayiWaPaChitakale:
Taonani, tabwereranso ku mbuzi ndi nkhuku! Za manja a mwana uja palibe wayankha.

NesiWaUsiku:
Ndiyankhe amayi. Mwana akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pa balalo kwa mphindi 20. Osati ayisi. Chotsani zibangili ndi mikanda msanga dzanja lisanatupe, koma nsalu yomwe yamatirira pa khungu musaimatule. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, uchi wosadziwika, ndowe kapena inki. Matuza musawaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera yochapa, mwanayo mumufunditse kuti asazizidwe, muzimumwetsa madzi kapena kumuyamwitsa. Kupsa kwa m'manja, kumaso, kumaliseche kapena pa mfundo ndi kwa kuchipatala ngakhale kuoneke kochepa. Chimene chimapundula ana ambiri ndi kubisidwa m'nyumba sabata yathunthu poopa polisi. Bala limalowa mafinya, zala zimamatirirana, khungu pouma limakoka zala n'kupindika, ndipo kuziwongola kumafuna opaleshoni ku Queens.

Za kusiyanitsa ngozi ndi dala: mwana akadzitayira phala kapena tiyi, bala limakhala lamawangamawanga, lotsetsereka kutsatira mmene madzi anayendera. Akaviikidwa, bala limazungulira dzanja lonse, lili ndi malire owongoka pa mkono, nthawi zambiri manja onse awiri mofanana. Mwana wogwira mbaula mwangozi amachotsa dzanja msanga, sapsa kuseri ndi kutsogolo komwe. Zipsera zozungulira zofanana kukula, mizere ya waya kapena lamba pamsana, mabala ena akale ena atsopano, ndi nkhani ya makolo yosinthasintha, zonsezi achipatala amazilemba.

GogoWaPaNkando:
Ana inu, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kale mwana akalira mopyola, mayi woyandikana naye ankalowa osaodira n'kumulanda. Lero tikuopana.

AchimweneATiyi:
Agogo, kale lomwelo ndi limene ankati mwana wakuba ndiwo muotche kuti asadzabwereze. Si zonse zakale zinali zabwino.

Mphunzitsi_Std5:
Ndipo mwana wotapa ndiwo kapena kutola K200 nthawi zambiri ndi njala. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, chimanga chitatha m'nyumba, ndi nthawi yoti oyandikana nawo akhale tcheru. Alangizi a zaumoyo ali ndi kalamba koyezera mkono wa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5. Kakasonyeza pofiira, kutanthauza kuchepera masentimita 11.5, kapena mapazi onse awiri akatupa, mwanayo ayenera kulandira chiponde kuchipatala. Kunyentchera nako sikujambulidwa pa foni, koma kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira.

Kabaza_Muloza:
Funso lina kwa a Chitetezo. Pa chipata cha Muloza pano pamadutsa anthu atatenga tianyamata ta zaka 12, 13, akuti kukalima ku Milange, ku Mozambique. Ena amatenga atsikana kupita nawo ku Limbe kukagwira ntchito za m'nyumba. Wa kabaza amene wangolipidwa kuti awanyamule ali pa mlandu?

WaChitetezoChaAna:
Akhoza kukhala pa mlandu ngati ankadziwa kapena zinali zoonekeratu. Lamulo la Trafficking in Persons Act la 2015 limawerengera wolemba anawo, wowanyamula, wowasunga ndi wowalandira, ndipo pa mwana chilango chimafika zaka 21. Zoti makolo anavomera kapena analandira ndalama si chodzitetezera. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wa zaka 14 mpaka 18 saloledwa ntchito yoika moyo, thanzi kapena sukulu yake pa chiswe, monga kupopera mankhwala m'munda kapena kusenza katundu wolemera. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo ukwati pansi pa zaka zimenezo kulibe, kaya makolo avomere.

Zokuchenjezani ndi izi: wamkulu mmodzi ali ndi ana angapo osafanana nkhope, sakudziwa maina awo onse, ana sakudziwa komwe akupita, ndipo akukuuzani kuti mudzere njira yachidule yozemba chipata. Musalimbane naye. Kanani ulendowo kapena chedwetsani, wina aimbe 116 kapena adziwitse apolisi a pa chipata.

Mwinimbumba:
Zonsezi ndamva. Koma a Kabaza ananena zoona poyamba paja. Munthu amamangidwa Lolemba, Lachisanu ali pa msika. Banja lomwe linakanena ndi lomwe limasanduka choseketsa.

KalalikiWakale:
Amalume, kumeneko nthawi zambiri ndi belo, si kumasulidwa. Munthu akamangidwa ayenera kuonekera kukhoti asanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wopempha belo pokhapokha khoti litaona kuti chilungamo chisokonekera. Cholakwika n'chakuti banja likamuona kunja limaganiza kuti mlandu watha, limasiya kupita kukhoti, ndipo mboni zikajomba kangapo mlanduwo umathetsedwadi. Choti muchite: funsani wapolisi woimira boma pa mlanduwo nambala ya mlandu ndi tsiku lobwerera, muzilembe. Belo isanaperekedwe muuzeni ngati woganiziridwayo amakhala nyumba imodzi ndi mwanayo kapena pafupi, kuti akanene pamaso pa majisitireti. Khoti likhoza kukana belo, kapena kulamula kuti munthuyo akakhale kwina ndipo asayandikire mboni. Akayamba kuopseza, kapena kutuma abale ake ndi ndalama kuti mukathetse nkhani, kaneneni tsiku lomwelo, belo imalandidwa. Mwana akamapereka umboni mukhoza kupempha kuti anthu osakhudzidwa atuluke m'khoti.

Mwinimbumba:
Nanga ndalama yoyendera ulendo uliwonse mlandu ukaimitsidwa?

KalalikiWakale:
Imeneyo ndiye imagwetsa ambiri. Mwana ndi mayi ake akangomaliza kupereka umboni sayeneranso kubwera tsiku lililonse, ndiye pemphani woimira boma kuti mboni zochokera kutali zimvedwe tsiku limodzi. Masiku enawo apite munthu mmodzi wa m'banja kukamva tsiku lotsatira, kapena mutenge nambala ya foni ya ku Victim Support Unit muzifunsa.

MaliondaWaMbuzi:
A Mlangizi, bokosi la pa kaliyala lija likhale lalikulu bwanji pa mbuzi ziwiri?

MlangiziWaZiweto:
Ziwiri pa njinga yakapalasa ayi, akulu. Imodzi pa ulendo.